Cikombole Cikafa, Kamotoka Sikabwelanso

Mu 1977, sitima ya katundu inacoka pa njanji m'cigawo ca New York ku America. Pakati pa katundu amene inanyamula panali zitsulo zolema kwambili, zoti munthu mmodzi sanganyamule. Zinali zikombole za kampani ya Aurora, imene inali itangoleka kupanga makiti, ndipo zinali pa ulendo wopita ku Illinois kwa Monogram, kampani imene inazigula. Zina zinawonongeka pa ngoziyo. Zambili zinafika bwino, koma eni ake atsopano atasankhapo zimene anaona kuti zingabweletse ndalama, zotsala anazitaya ku sikilapu. Papita zaka zoposa 40, koma kukali azibambo a imvi amene amakamba za sitima ija monga akukamba za malilo a pa banja.

Kuti mumvetse cifukwa cake, tiyambe tafotokoza cimene ise timacita, pakuti muno mu Lusaka sitili ambili ndipo anzathu amaona monga tinakana kukula. Timagula bokosi lokhala na cithunzi ca motoka pamwamba. Mukati mulibe motoka. Muli tuzidutswa twa pulasitiki tolumikizika ku nthambi, matayala a labala, mawindo oonekela, kapepala ka manambala na zizindikilo zomata, na pepala la malangizo. Ici ndiye cimene timacha kiti. Umadula kacidutswa kalikonse, kupala na sandipepa, kupenta, kumata na guluu, mpaka patapita milungu kapena miyezi pathebulo paimilila motoka. Makiti ambili ni a muyeso wa 1/24, kutanthauza kuti motoka ya mamita 4.8 imatuluka ya masentimita 20. Ku America anazolowela 1/25. Amene anakula akupinda mawaya kupanga motoka yokhala na siteling'i yaitali, olo kuumba ya dothi ku dambo, amadziwa kale njala imene tikukamba. Kusiyana kwake n'kwakuti wa mawaya sayembekezela munthu. Ise timayembekezela fakitale, ndipo fakitale imayembekezela cikombole.

Cikombole ca kiti cimagwila nchito monga ca njelwa, koma n'cacitsulo ndipo cili na mbali ziwili zimene zimatsekana zolimba. Makina amasungunula tumibulu twa pulasitiki yochedwa polystyrene na kuikankhila mukati mwamphamvu. Ikazizila, cikombole cimatseguka, nthambi ya tuzidutswa imagwa, cimatsekanso. Pulasitiki payokha ni yochipa. Ndalama zonse zili m'citsulo cija. Kudala, amisili anali kuyamba asema motoka ya thabwa yaikulu kuposa kiti, ndiyeno makina otsatila thabwalo anali kujoba citsulo pang'ono-pang'ono na kucepetsa muyeso. Inali nchito ya miyezi. Cikombole cikakhalapo, ungatulutse makiti masauzande kwa zaka makumi. Cikatayika, kiti ija yafa, ndipo zotsala ni zimene zili kale m'manja mwa anthu.

Codabwitsa n'cakuti makiti ena a mamotoka sanayambe monga zoseweletsa. Anayamba monga malonda. Ku Britain, kampani ya Airfix, imene Nicholas Kove wa ku Hungary anayambitsa mu 1939, inali kupanga zinthu monga zisakulo za pulasitiki. Mu 1949 inapatsidwa nchito yopanga katalakita ka Ferguson TE20 kakuti ogulitsa matalakita azionetsa alimi. Kulipila anthu olumikiza tuzidutswa kunali kudula, conco Airfix inayamba kugulitsa katalakitako kosalumikiza, wogula akamalize yekha ku nyumba. Njila yopulumutsila ndalama ija ndiyo inakhala bizinesi yonse.

Ku America nkhani inayenda mofananako. AMT inayamba mu 1948 ku Michigan, kufupi na Detroit, kwawo kwa mamotoka. Inali kupangila Ford na makampani ena tumotoka tomaliza kale, twakuti wogulitsa aike pa desiki kapena apatse mwana wa kasitoma pamene atate ake akali kuganiza. Cifukwa ca ici, makampani a mamotoka anali kupatsa AMT mapulani a motoka ya caka camawa mwakabisila, motoka yeniyeni isanaonekele kwa anthu. Ndipo makampaniwo ndiwo anali kusenza mbali yaikulu ya mtengo wa zikombole. Mu 1958 AMT inatenga zikombole zomwezo n'kuyamba kugulitsa tumotoka tosalumikiza, n'kuwonjezela tuzidutswa twina kuti mwana asankhe yekha: amange motoka monga mmene inacokela ku fakitale, kapena yokongoletsa, kapena ya mpikisano. Anaicha 3 in 1. Anyamata a ku America anapenga nayo. Zaka za m'ma 1960 zinakhala nyengo ya zokolola: AMT, Revell, Monogram, Jo-Han, na MPC imene George Toteff anayambitsa mu 1963 atacoka ku AMT, onse anali kutulutsa makiti atsopano caka na caka.

Apa m'pamene panabadwila cisoni cimene tikali naco. Nthawi imeneyo Detroit inali kusintha maonekedwe a motoka caka ciliconse: malaiti ena, bampa ina, mcila wina. Wopanga makiti sanali kuona cifukwa cosungila cikombole ca caka catha. Ngati kusintha kunali kocepa, anali kutenga cikombole comweco, kuwochelela apa, kujoba apo, mpaka motoka ya caka catha isanduke ya caka cino. Conco kiti ya caka catsopano inali kubadwa mwa kudya ya caka cakale. Palibe amene anaganiza kuti mwana wa zaka 12 uja adzafika zaka 60, ali na ndalama m'thumba, n'kuyamba kufuna-funa motoka yeniyeni imene atate ake anali kuyendetsa.

Cina coipa kwambili cinacitika kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970. AMT inatenga zikombole za mamotoka angapo a m'ma 1960, monga Ford Galaxie ya 1964, Buick Skylark ya 1966 na Chevrolet Impala ya 1966, n'kuzisandutsa mamotoka a mpikisano wa pa fumbi. Anakulitsa maenje a matayala, anafafaniza zokongoletsa za m'mbali, n'kugulitsa pa dzina la Modified Stockers. Pa nthawiyo inali nzelu ya bizinesi: citsulo cogona m'sitolo cabweletsanso ndalama. Koma citsulo ukacijoba sicibwelela mosavuta. Kuli monga kudula denga la Peugeot ya agogo kuti izinyamula makala. Makala adzafika pa msika, koma Peugeot ija simudzaionanso.

Kucokela apo, mbili ya makiti ingokhala mbili ya zikombole kusintha manja. Mafuta atakwela mtengo mu 1973, pulasitiki nayo inakwela. Makampani a mamotoka analeka kuitanitsa tumotoka twa pa desiki twambili monga kale. Pambuyo pake ana anapeza maseŵela a pa TV na kompyuta, guluu n'kuuma m'kabati. AMT inagulidwa na Lesney, eni ake a Matchbox, mu 1978. Lesney itagwa na nkhongole mu 1982, AMT inapita kwa Ertl ya ku Iowa, imene inatenganso MPC mu 1985. Revell na Monogram, amene anali kulimbana kwa zaka zambili, anakhala kampani imodzi mu 1986. Airfix inagwa mu 1981, inanyamulidwa, inagwanso mu 2006 pamodzi na Humbrol, Hornby n'kuitola. Zikombole za Frog, kampani ya ku Britain imene inayamba makiti a ndeke a pulasitiki mu 1936, zinagulitsidwa ku Soviet Union m'zaka za m'ma 1970, ndipo a Soviet anakana kutenga za ndeke za Germany za pa nkhondo yaciwili. Pa ulendo uliwonse wotele, cina cinali kutsala: kacitsulo ka mawindo kasowa, ka matayala kapita ku kiti ina, kena kadyedwa na nguwe m'nyumba yodontha.

Jo-Han ya ku Detroit ndiyo imatiwawa kwambili. Inali kampani yaing'ono imene inali kupanga mamotoka amene ena anali kunyoza: Rambler, Cadillac za madoko anayi, ambulansi, ngakhale motoka yonyamula malilo. Inapanganso Chrysler Turbine Car mwaluso lakuti mpaka lelo omanga makiti amaitamanda. Kampaniyo itafooka na kugulitsidwa mu 1991, zikombole zake zambili zinatayika kapena zinatsala zopelewela. Makiti ake ambili sanabwelenso, ndipo bokosi losatsegula la Jo-Han lelo limagulidwa pa eBay pa mtengo wakuti ukausintha kukhala makwacha, umazima foni.

Mtengo umenewu ndiwo umagawa anthu a makiti pawili. Kuli osunga, amene amagula bokosi lakale n'kuliika pa shelufu osang'amba pulasitiki yokutila. Kuli omanga, amene amafuna kudula na kupenta. Wosunga akamva kuti kiti yakale idzatulukanso, mtima umagunda, cifukwa cuma cake cidzatsika mtengo. Womanga amavina. Ise tili ku mbali ya omanga, ndipo sitibisa. Kiti imene sinamangidwe ili monga ng'oma yopacika ku denga kuopa kuti cikumba cingathe. Komanso kwa munthu wa ku Chawama kapena ku Matero, amene ayenela kulipila kiti, kulipila ndeke yoibweletsa, na kulipila msonkho, kutulukanso kwa kiti yakale ndiyo njila yokha yoigwililako m'manja.

Amene anazindikila kuti cikumbumtima ca okalamba ni msika ni Thomas Lowe wa ku South Bend, Indiana. Kampani yake ya Round 2 inatenga maina a AMT na MPC mu 2008, n'kuyamba kufukula zikombole zakale, kutsegula tunjila twa pulasitiki tumene tunatsekedwa kale, kupanganso tuzidutswa totayika, na kubwezela zithunzi zakale pa mabokosi. M'zaka zaposacedwa acita cinthu cimene kale anthu anali kukamba kuti sicingatheke: amatenga kiti yakale yosamanga, kuipima na makina, n'kujoba cikombole catsopano cofanana na cija cinafa. Ni mmene Chevy II Nova station wagon ya 1963 inabwelelanso, pambuyo pakuti thupi lake linasandutsidwa la mpikisano kudala. Hobbico, imene inali na Revell, itagwa mu 2018, kampani yaing'ono ya Atlantis ya ku New York inagula zikombole zakale zambili za Revell, Monogram na zotsala za Aurora, n'kuyamba kuzithilanso pulasitiki. Caka comweco Airfix inayamba mndandanda wa Vintage Classics, makiti akale m'mabokosi a zithunzi zakale.

Tikambe zoona: kiti yobwelanso si yabwino nthawi zonse. Cikombole cikakalamba, mbali zake ziwili sizitsekana bwino, ndipo pulasitiki imatulukila m'mphepete monga nsima yosefukila mu poto. Umathela madzulo onse ukupala. Nthawi zina thupi na chasisi sizigwilizana, mawindo ni ocindikala monga botolo. Palinso nkhani ya cilolezo. Masiku ano wopanga kiti amalipila kampani ya motoka kuti aseŵenzetse dzina na maonekedwe, ndipo amalipilanso wa matayala. Ndiye cifukwa cake makiti ena amabwela na matayala opanda dzina m'mbali. Mamotoka a mpikisano amene anali kulengeza fodya amabwela opanda zizindikilo za fodya, cifukwa malamulo anasintha. Umamanga motoka yofiila na yoyela imene aliyense aidziwa, koma dzina palibe.

Manje funso limene limatikhudza ise: nanga mamotoka a m'misewu yathu?

Cifukwa cimene funso ili limatiwawa n'cakuti Zambia inamangapo mamotoka eni-eni kucokela m'mabokosi. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, Indeco na Fiat anatsegula Livingstone Motor Assemblers. Zidutswa zinali kubwela m'makileti, ndipo amisili a ku Livingstone anali kuzilumikiza kukhala ma Fiat monga 127 na 131. Ku Ndola anali kulumikiza ma Land Rover. Atate athu ena anali kucita na sipanala cimene ise ticita na guluu. Mafakitale aja analeka, ndipo ma Fiat aja ambili anathela ku sikilapu kapena anasanduka makola a nkhuku kuseli kwa nyumba. Mwana wobadwa mu 2005 sanaonepo Fiat 127 ikuyenda mu Cairo Road.

Mukafuna Fiat 131 ya pulasitiki, mudzaipeza, koma osati ya aphunzitsi kapena ya akalaliki a boma. Mudzapeza 131 Abarth ya lale, ya madoko awili na mapiko otambalala, cifukwa ndiyo inapatsa Fiat cikho ca dziko lonse mu 1977, 1978 na 1980. Cikombole cake cinajobedwa na ESCI ya ku Italy, ndipo ESCI itatseka cinafika kwa Italeri, imene imacitulutsanso nthawi na nthawi, pamodzi na Land Rover 109 na Toyota Land Cruiser BJ44 za ESCI yomweyo. Datsun 240Z imene inapambana East African Safari mu 1971 na 1973 ili na kiti yaikulu ya 1/12 ya Tamiya. Africa imaloŵa m'bokosi ikakhala bwalo la mpikisano wa ena. Peugeot 504 inapambana Safari mu 1975 na 1978, inamangidwa ku Kenya na ku Nigeria mpaka m'zaka za m'ma 2000, inanyamula odwala, akwati, cimanga na mabokosi a malilo m'mayiko onse ano. Koma 504 ya pikapu, yokhala na matumba a makala kumbuyo, tikali kuiyembekezela pa shelufu ya makampani akulu-akulu. Basi ya UBZ sitiiyembekezela n'komwe.

Cifukwa cake si cidani. Ni masamu. Cikombole cimajobedwa pamene pali anthu masauzande ofuna motoka imodzi-modzi amene angalipile. Okalamba a ku Ohio ali na penshoni ndipo ni ambili, ndiye cifukwa cake Chevrolet ya 1957 ili na makiti osaŵelengeka. Cikumbumtima cathu cilipo, koma sicinafike pa muyeso wakuti munthu wa ku Indiana kapena ku Bologna aone phindu. Anzathu a kunja amapempha kuti kiti ibwelenso. Ise, pa mamotoka ambili a makolo athu, tikali kupempha kuti ibwele koyamba.

Mwayi wathu unabwelela ku mbali imene sitinaganizile, ku Japan. Cigawo ca Shizuoka ndiko kwawo kwa Tamiya, Hasegawa, Aoshima na Fujimi. Tamiya inayamba mu 1946 monga bizinesi ya matabwa, ndipo inachuka cifukwa ca kusamala: pofuna kupanga Porsche 934 ya 1/12 imene inatuluka mu 1976, inagula Porsche 911 yeniyeni n'kuimasula yonse kuti ipime cidutswa ciliconse. Makampani a ku Japan ali na khalidwe limene a ku America ambili analibe: sanyoza motoka wamba. Amapanga kiti ya takisi, ya vani yonyamula katundu, ya motoka ya amalume. Ndipo popeza misewu ya Lusaka, Chipata na Kitwe inadzala na mamotoka ogwilapo nchito ocokela ku Japan, cikumbumtima ca mnyamata wa ku Osaka na ca mnyamata wa ku Kabwata zinakumana mwangozi. Aoshima ili na Mark II na Chaser, ili na Hiace, ili ngakhale na Probox. Fujimi ili na Altezza. Hiace ija, ukaipenta bwino, ukalemba dzina la Mulungu pa windo ya kumbuyo na kuikako kondakita wopanga na waya, yakhala ya pa Kulima Tower. Aoshima imasunganso zikombole zake zakale n'kumazitulutsanso mobweleza, conco amene waphonya caka cino angapeze patsogolo.

Hasegawa inacita cina cimene cinatikondweletsa kwambili. Inajoba cikombole catsopano ca Sunny Truck, kapikapu kang'ono ka Datsun ka m'zaka za m'ma 1970. Kwa a ku Japan ni kagalimoto ka wogulitsa mpunga wa pa kona. Kwa ise ni Datsun 1200 na Nissan 1400, imene South Africa inapitiliza kumanga ku Rosslyn mpaka 2008, ndipo inanyamula tomato ku Soweto Market kwa zaka zosaŵelengeka. Revell nayo mu 2019 inatulutsa Land Rover Series III yaitali kucokela ku cikombole catsopano, yoti ungaipente monga ya cipatala ca mishoni kapena ya ofesi ya zaulimi.

Palinso makina osindikiza zinthu a 3D, amene safuna cikombole ca citsulo. Munthu mmodzi wodziŵa kujambula pa kompyuta angapange thupi la motoka imene kampani iliyonse inakana, n'kusindikiza makumi awili cabe. Zotuluka zake zimafuna dzanja: zimasweka msanga, zimafuna guluu wina, ndipo mawindo umadzipangila wekha. Koma cofunika coyamba pa nchito imeneyo ni muyeso wa motoka yeniyeni, ndipo uwo uli kuno, osati ku Shizuoka. Uli m'magalaji a ku Chinika na kuseli kwa nyumba za agogo ku Katete, kumene 504 yakhala pa mabuloko zaka 15 ndipo ogula sikilapu afika kale kawili kudzafunsa mtengo. Amene ali na foni ya kamela na tepu yopimila angayambe Ciŵelu cino: kutsogolo, kumbuyo, m'mbali zonse, dashibodi, na manambala a m'litali na m'lifupi olembedwa m'buku.

Pakali pano, kalenda yathu ili na masiku awili. Kumapeto kwa January kapena kuciyambi kwa February kumakhala cionetselo ca zoseŵeletsa ku Nuremberg, kumene makampani a ku Europe amaonetsa zimene adzatulutsa. Mu May kumakhala ca ku Shizuoka. Zithunzi zikayamba kufika pa WhatsApp, timagula mabando, timakulitsa cithunzi ciliconse na zala ziwili, n'kumaŵelenga tumapepala twa pa thebulo kuona ngati palembedwa kuti cikombole catsopano kapena cakale. Wina amafuna Cressida, wina Datsun 120Y, wina akali kulimbikila 404 ya pikapu.